Nyimbo ya mpira sabata iliyonse: kuipeka, kuiika pa gitala ya rock ndi kuijambula pa foni

Usiku wa pa 22 Januwale 2024 tinadzazana m'kachipinda koonetsera mpira kuno ku Ulongué, kunja kukuwaza mvula. Mambas, timu ya dziko lathu la Moçambique, inkasewera ndi Ghana pa CAN, mpikisano wa mayiko a mu Africa, ku Côte d'Ivoire, ndipo mpirawo unayamba 10 koloko usiku. Jordan Ayew wa Ghana atamwetsa penate yachiwiri, mabenchi anayamba kupepuka. Wina ati mawa ndilawirira kumunda, wina ati mwana sakupeza bwino kunyumba. Amene tinatsala tinaona Geny Catamo akuchinya penate mphindi 90 zitakwana kale, kenako Reinildo Mandava n'kudumpha, kumenya ndi mutu, mpira uli mu ukonde. Unatha 2-2. M'mawa mwake pamsika ndinapeza bambo wina wachikulire akutonthoza anyamata ogulitsa mbatata ya kachewere, ati asadandaule, Ghana ndi timu yaikulu, kugonja 2-0 si manyazi. Anyamatawo anangomuleka kuti amalize.

Nyimbo yanga yoyamba ya mpira inachokera pamenepo, ndipo pamenepo ndi pamene ndinazindikira kumene nyimbo zotere zimakhala. Sizikhala m'bwalo momwe osewera 22 akuthamangitsana. Zimakhala pabenchi, pamsika, m'chapa, m'nyumba momwe munthu wakana nsima chifukwa timu yake yagonja. Zonse ndalemba m'munsimu zatsamira pa mfundo imeneyi, komanso pa ina yaing'ono: nyimboyo ituluke pofika Lachitatu, bala la Lamulungu lisanapole.

Ena amafunsa kuti bwanji rock, pomwe kuno timavina zina. Ndimawayankha kuti gitala yolira mokalipa ndi khamu la masapota ndi pachibale, zonse zimafuula. Komanso si chinthu chachilendo kwa ife. M'zaka za m'ma 1970 anansi athu a ku Zambia anali ndi Zamrock, magulu ngati WITCH ndi oyimba ngati Paul Ngozi, ndipo zina mwa nyimbozo zinkayimbidwa m'chiyankhulo chathu chomwechi.

Choyamba: sonkhanitsani zida ndi anthu

Gitala iliyonse ya nsambo zachitsulo ikwanira. Ya magetsi ikakhalapo ndi bwino, koma musadikire. Mufunika foni ya Android yosadzaza, pulogalamu ya BandLab yomwe ndi yaulere ndipo imalola kujambula mawu ambiri posanjikiza, ndi mahedifoni a waya. A Bluetooth ayi, chifukwa amachedwetsa mawu, ndiye mumapezeka mukuyimba m'mbuyo mwa ng'oma osadziwa chalakwika. Ali ndi kompyuta angagwiritse ntchito Audacity, nayonso ndi yaulere. Onjezani power bank ya tsiku lomwe magetsi azima, chigubu chopanda kanthu cha malita 20, zitsekerero za mabotolo zotungidwa pa waya, wenzulo, kope ndi cholembera.

Anthu akhale atatu kapena anayi oyankha kolasi. Mmodzi mwa iwo akhale wochemerera timu imene inu simuifuna n'komwe. Ameneyo ndiye adzakuuzeni mosabisa kuti apa mwaseketsa, apa mwangotukwana.

Chachiwiri: Loweruka ndi Lamulungu, tcherani khutu

Musaonere mpira nokha m'nyumba. Pitani kumene kuli anthu: ku barraca, koonetsera mpira, pabwalo la sukulu pomwe matimu a m'mudzi akulimbirana mbuzi. Kope likhale m'thumba. Maso anu theka pa sewero, theka pa anthu.

Ife a kuno kumalire tili ndi mwayi womwe ena alibe. Munthu mmodzi amakhala ndi matimu atatu kapena anayi. Pa Moçambola, ligi ya dziko lathu, mtima uli ku União Desportiva do Songo, yomwe inabweretsa ukatswiri m'chigawo chathu cha Tete mu 2017, 2018 ndi 2022, kapena uli ku Chingale. Ku Portugal ali ndi Benfica, Sporting kapena Porto, timu yomwe mwina anaitengera kwa bambo ake. Ku England ali ndi ina. Ndiye popeza mawailesi a ku Malawi amamveka bwino kuchokera ku Calómuè mpaka ku Tsangano, sasowanso mbali Bullets ikakumana ndi Wanderers. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, nanga anayi? Sabata yoti onse anayi apambane siibwera kawirikawiri, choncho sabata iliyonse pamakhala wina wovumbwa, ndipo nyimbo yanu ili pa iyeyo.

Zolemba m'kopemo ndi izi. Mawu enieni amene anthu ayankhula, osawakonza. Munthu akati "árbitro uja wadya za eni" lembani choncho, musasinthe kuti "woyimbira anakondera". Kusakaniza kwathu Chichewa ndi Chipwitikizi, golo, jogo, treinador, ndiko kudzachititse womvera wa ku Domué kapena ku Furancungo kudziwa kuti nyimboyi ndi yakwawo. Lembani zifukwa zimene ogonja amapereka: mphepo, bwalo, dzuwa la ku Tete, goloboyi walodzedwa. Lembani miyambo ya masapota: wosachapa jezi timu ikamapambana, wokhala malo amodzimodzi pabenchi, wotuluka panja penate ikamamenyedwa. Ndipo onani zochitika mpira ukatha. Ndani wazimitsa foni? Ndani wadzera njira ya kuseri kuopa kudutsa pa shopu ya mnzake? Ndani wavala juzi pamwamba pa jezi kunja kukutentha?

Zigoli ndi mayina a ochinya lembani pang'ono chabe. Zimenezo aliyense akuzidziwa kale, wailesi inanena.

Chachitatu: Lolemba m'mawa, sankhani nkhani imodzi

Mudzapeza kuti muli ndi zinthu khumi zoseketsa. Tengani chimodzi. Zinazo sungani, pajatu nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo sabata zikubwerazi n'zambiri. Yeso lake ndi ili: nenani nkhaniyo kwa mnzanu m'chiganizo chimodzi, osaseka inuyo. "Munthu anagona mpira usanathe, m'mawa n'kumapepesa anthu oti sanagonje." Akaseka, yambani kulemba. Akafunsa kuti "ndiye kenako?", nkhaniyo sinapse.

Yambani ndi kolasi, osati vesi. Ndipo kolasiyo ikhale yolandizana, monga nyimbo za pamtondo kapena za kudambwe: mmodzi ayambitsa, khamu liyankha ndi liwu limodzi kapena awiri. Mawu oyankhawo akhale oti mwana wa zaka zisanu awagwire atangomva kamodzi. Ya bambo uja ndinaipanga motere, nditamusandutsa atsibweni a munthu aliyense ndipo wailesi italowa m'malo mwa kanema:

Woyambitsa: Atsibweni ali kuti?
Onse: Agona!
Woyambitsa: Mpira sunathe!
Onse: Agona!
Woyambitsa: Reinildo wadumpha!
Onse: Agona!
Onse pamodzi: Ziwiri zalowa ali m'bulangete!

Apa pali chinthu cha chiyankhulo chathu chimene oyamba kumene amapunthwa nacho. M'Chichewa mphamvu ya liwu imagwera pa phatikizo loyandikana ndi lomaliza: a-GO-na, atsi-BWE-ni, su-NA-the, bula-NGE-te. Phatikizo limenelo ndi lomwe liyenera kugwera pomwe ng'oma yagunda. Mukakakamiza kuti biti igwere pa "a" wa "agona", liwulo limamveka ngati likuyimbidwa ndi mlendo amene waphunzira Chichewa dzulo. Choncho musanagwire gitala, ombani m'manja n'kumanena mzerewo mokweza, ngati mukuitana munthu ali kutsidya kwa dimba. Bwerezani kakhumi. Mudzamva mawuwo akukwera ndi kutsika okha, ndipo kukwera ndi kutsikako ndiye maimbidwe ake. Musalimbane nako. Chiyankhulo chomwe "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amasiyana ndi kamvekedwe kokha sichilola kuti muchikokere kumene mwafuna.

Tsopano vesi. Ntchito yake ndi kufotokoza nkhani mwa zithunzi, mzere uliwonse chinthu chimodzi chooneka ndi maso. Osati "anali ndi chikhulupiriro chachikulu", koma chimene anachita:

Anavala jezi tambala asanalire,
nsima anakana, ati adya tikawina.
Chachiwiri chitalowa anatsokomola,
ati batire yatha, wailesi n'kuzima.

Onani kuti sindinanene kuti ananama za batire. Womvera adzigwirira yekha, ndipo kuseka kumabwera pogwira pamenepo. Mukafotokoza nthabwala mwaipha. Liwu loseketsa kwambiri likhale kumapeto kwa mzere, ndipo mzere woseketsa kwambiri ukhale womaliza kolasi isanalowe.

Za kufananitsa mathero a mizere musavutike nazo kwambiri. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo ambiri amathera ndi "a", ndiye kufananako kumabwera kokha. Choopsa n'chakuti kumabwera mosavuta mpaka mizere isanu ndi itatu yonse ithere "-ana, -ana", khutu n'kutopa. Samalani kwambiri kutalika kwa mizere. Werengani maphatikizo ndi zala, mizere isasiyane ndi oposa awiri kapena atatu. Mzere wautali umakupangitsani kumeza mawu, ndipo mawu omezedwa saseketsa munthu.

Mavesi awiri akwana. Loyamba za mpira usanathe, lachiwiri za mawa lake. Lachiwirilo liposeko loyamba.

Chachinayi: ikani malire a nthabwala musanapitirire

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndinapsapo. Sabata ina ndinapeka nyimbo ya munthu amene anabetcha nkhuku n'kuluza. Dzina sindinatchule, koma ndinatchula mtundu wa njinga yake ndi malo amene amagulitsira malonda. Aliyense anamudziwa. Ana anayamba kumuyimbira akamadutsa, akazi ake anamva za nkhukuyo kudzera m'nyimboyo, ndipo iye anasiya kubwera kudzaonera mpira. Ndinapita kwawo kukapepesa, anandilandira bwino, koma pabenchi paja sanabwererenso nyengo yonseyo. Zimandiwawabe. Mlomo unanditsatadi monga anenera akuluakulu.

Kuyambira pamenepo ndimatsata muyezo wa chisuweni. Msuweni wako umamunena za mutu wake waukulu pamaso pa anthu, iye n'kukubwezera, nonse n'kudyera mbale imodzi. Sapota wa timu ina ndi msuweni wanu. Mzere uliwonse muufunse kuti: ndingauyimbe iye ali pomwepo, n'kuyankha nawo kolasi? Ngati ayi, fufutani.

Munthu wa m'nyimbo akhale atsibweni, alamu, aneba, achimwene, wopanda chizindikiro choloza munthu mmodzi. Sinthani zinthu ziwiri kapena zitatu pa nkhani yeniyeniyo. Musanene kuti woyimbira wakutiwakuti kapena mkulu wa timu yakutiyakuti analandira ziphuphu. Umenewo ndi mlandu woipitsa mbiri, ndipo umboni mulibe. Mutha kuyimba za sapota amene amaona chiphuphu paliponse, ngakhale timu yake itamwa zisanu. Za mitundu, kuti Angoni amatere, Anyungwe amatere, zisalowe. Ndale zisalowe. Kulumala, matenda ndi kuvulala kwa wosewera si zoseketsa. Wosewera wotchuka mutha kumutchula pa zimene wachita m'bwalo anthu onse akuona, osati za m'nyumba mwake.

Ndipo timu yanu ikagonja, sabata imeneyo nyimbo ikhale ya masapota a timu yanuyo. Mukabisala sabata imeneyo, anthu adzaona, ndipo nyimbo zanu zidzasanduka za mbali imodzi. Mukayimba, ngakhale amene munawaseka mwezi watha adzakutumizirani uthenga.

Chachisanu: Lolemba madzulo, gitala

Chunani gitala poyamba, E A D G B E kuchokera ku nsambo yonenepa, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni. Okhala mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, komwe mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, muzichuna musanajambule chigawo chilichonse, ndipo gitala musaisiye padzuwa kapena pafupi ndi malata.

Rock ya mtundu uwu imayenda ndi zimene oyimba amati power chord, nsambo ziwiri zokha. Timizere tachitsulo ta pakhosi pa gitala ndi ma fret. Ikani chala cholozera pa fret 5 ya nsambo yonenepa kwambiri, chala choyandikana ndi chaching'ono pa fret 7 ya nsambo yotsatira. Menyani ziwiri zokhazo. Imeneyo ndi A5. Tsitsani dzanja lonse nsambo imodzi osasintha kaikidwe ka zala, mwapeza D5. Kuchoka pamenepo sunthani ma fret awiri kulowera kumimba kwa gitala, pa 7 ndi 9, ndiye E5. Bwererani pa nsambo yonenepa, fret 3 ndi 5, ndiye G5. Ndi zinayi zimenezi mutha kupeka chaka chonse.

Pa vesi, gonekani m'mphepete mwa chikhatho cha dzanja lomenyera pa nsambo, pafupi ndi pomwe zamangiriridwa, kuti zilire mogunda, ju-ju-ju-ju, mawu a woyimba apeze malo. Pa kolasi chotsani chikhathocho, gitala ikhuthuke. Kusiyana kumeneku pakati pa vesi yofatsa ndi kolasi yophulika ndiko mtima wa nyimboyo. Ndipo mzere woseketsa kwambiri ukafika, imitsani zonse, gitala ndi ng'oma zomwe, mawu atuluke okha poyera, kenako zonse zigwe pamodzi pa "Agona!"

Liwiro likhale pakati pa 120 ndi 140 BPM, kutanthauza kuchuluka kwa kugunda pa mphindi imodzi. Ine ndimakonda 132. Kuwerenga 1-2-3-4 kamodzi ndiye bar imodzi. Poyambira 4, kolasi 8, vesi 16, kolasi 8, vesi 16, kolasi kawiri 16. Zonse pamodzi ndi 68, zomwe pa 132 zimatenga mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa. Musapitirire apo kwambiri. Kolasi ibwere koyambirira, chifukwa munthu wa pa WhatsApp akapanda kugwidwa m'masekondi khumi oyamba amapita.

Ng'oma: chigubu chigunde pa 1 ndi 3, kuomba m'manja kapena thireyi yachitsulo pa 2 ndi 4, zitsekerero za mabotolo zisekese kawiri pa kuwerenga kulikonse. Wosafuna zimenezi atenge ng'oma zokonzakonza za mu BandLab, koma ine ndimaona kuti chigubu chimamveka ngati bwalo lathu lenileni. Bezi ingotsata nsambo yonenepa ya chord iliyonse. Ngati m'mudzi muli woyimba babatoni, bezi yopanga pamanja ija, muitaneni.

Chenjezo limodzi lokhudza vuvuzela: imalira pafupi ndi B flat, mawu a pa fret 6 ya nsambo yonenepa, omwe amayambana koopsa ndi A. Iwombeni yokha poyambira kapena pomaliza. Mukaifuna mkati mwa kolasi, sunthani ma chord onse fret imodzi kuti muyambire pa 6.

Maimbidwe a nyimbo za eni musabe, ngakhale masapota a ku Ulaya amatero m'mabwalo awo. Facebook ndi YouTube zimatha kuzindikira n'kuitseka, komanso mwini wake ali ndi ufulu pa ntchito yake.

Chachisanu ndi chimodzi: Lachiwiri, kujambula

Chipinda chabwino ndi chaching'ono, chodzaza katundu wofewa. Nyumba yofolera udzu imaposa ya malata, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi pomwe mvula ikagwa padenga simungajambule kanthu. Chipinda cha simenti chopanda kanthu chimabweza mawu, nyimbo n'kumveka ngati mwayimbira m'chitsime. Pachikani mabulangete kukhoma, imikani matiresi kumbuyo kwa woyimba, tsekani zenera. Dziwani nthawi yomwe chigayo cha pafupi chimapuma. Kwathu nthawi yabwino ndi masana anthu akudya, atambala atatopa, njinga zamoto zitachepa.

Tsegulani BandLab intaneti ilipo, tsitsani zonse mukufuna, chitani yeso la latency, loyeza kuchedwa kwa mawu, lomwe lili m'makonzedwe ake, kenako ikani foni pa modo de voo, yomwe imatseka netiweki, kuti wina asakuyimbireni pakati pa vesi. Foniyo musaigwire m'manja. Itsamiritseni pa nsalu yopindapinda pampando. Dziwaninso kuti mahedifoni okhala ndi maikolofoni yawo amalanda ntchito ya maikolofoni ya foni. Yesani zonse ziwiri masekondi khumikhumi, musankhe yomveka bwino.

Ndondomeko yake ndi iyi. Yatsani metronome, kogunda kosunga liwiro ka mu pulogalamuyo, pa liwiro mwasankha, imveke m'mahedifoni mokha. Jambulani gitala ndi mawu pamodzi mongotsogolera, osasamala zolakwika; chimenechi mudzachifufuta pomaliza. Pamwamba pake jambulani chigubu, foni ili patali ngati mkono umodzi. Kenako manja ndi zitsekerero. Kenako gitala yeniyeni, foni italoza pomwe khosi la gitala likumana ndi mimba yake, osati pabowo penipeni pomwe mawu amafufuma. Gitalayo ijambuleni kawiri, maulendo awiri osiyana, osati kukopera ulendo umodzi. Pambuyo pake mudzaika wina kumanzere wina kumanja, ndipo kusiyana pang'ono kwa maulendo awiriwo ndiko kumapangitsa gitala imodzi kumveka ngati khoma.

Kukalipa kwa gitala, distortion, muike mutajambula kale, kuchokera pa zokometsera za mu pulogalamuyo. Yambani ndi pang'ono. Imakweza chilichonse chomwe maikolofoni inatola, nkhuku ya panja ndi kupuma kwanu komwe, ndipo ikachuluka ma chord amasanduka phokoso la njuchi.

Tsopano mawu. Pakamwa ndi foni patalikirane chikhatho chimodzi chotambasula. Vekani foniyo sokosi yoyera yopyapyala, kapena yimbani molambalala pang'ono, kuti "p" ndi "ph" asaphulike. Yang'anani kamzere koonetsa kukwera kwa mawu: kakafika pofiira, bwererani m'mbuyo, chifukwa mawu osweka sakonzeka. Yimbani ngati mukufotokoza nkhani yoona, nkhope ili gwa. Woyimba akayamba kuseka yekha, womvera saseka. Maulendo atatu akwana, sankhani umodzi. Ulendo wa khumi umakhala wosalala koma wozizira.

Chomaliza ndi khamu, ndipo apa ndi pokoma. Anzanu aja aime mamita awiri kuchokera pa foni. Mmodzi avale mahedifoni n'kumawapatsa chizindikiro ndi dzanja. Afuule "Agona!" monga amafuulira pabwalo, osati monga kwaya ya kutchalitchi. Jambulani katatu, ulendo uliwonse asinthane malo, wina akweze mawu, wina atsitse. Anthu anayi katatu amamveka ngati khumi ndi awiri. Pakhale mayi kapena mtsikana mmodzi, ndi mwana ngati alipo ndipo makolo alola. Nthungululu imodzi pa kolasi yomaliza imasintha nyimbo yonse. Wina akalankhula choseketsa mwangozi pomaliza, musachifufute.

Chachisanu ndi chiwiri: kusakaniza ndi kutumiza

Lamulo ndi limodzi: mawu amveke onse. Kwezani woyimba mpaka muone ngati wapitirira, kenako tsitsani magitala pang'ono. Oyimba gitala timafuna gitala ilamulire, koma munthu sangaseke mawu amene sanawamve. Chigubu, bezi ndi woyimba zikhale pakati, magitala m'mbali. Echo ikhale yochepa kwambiri.

Mukatha musamvere m'mahedifoni mokha. Mverani pa kafoni ka mabatani, pa sipika ya mnyamata wa njinga yamoto injini ikulira, ndi pa wailesi yolowa memori kadi. Kumeneko ndiko nyimbo yanu ikakhale. Kafoni kakang'ono sikatulutsa bezi ndipo kamaphatikiza kumanzere ndi kumanja, ndiye ngati nyimbo ikuyendabe pamenepo, yatheka. Itanani munthu amene sanamve mawu ake, amvere kamodzi, akufotokozereni nkhaniyo. Mzere umene waphonya, ukwezeni kapena muuyimbenso.

Sungani ngati MP3. Pa 128 kbps mphindi imodzi imadya pafupifupi 1 MB, ndiye nyimbo yonse ndi 2 MB, yomwe munthu wa megabayiti ochepa a Movitel kapena Vodacom angatsitse osadandaula. Pa WhatsApp tumizani ngati document kuti dzina lake lisatayike, ndipo dzinalo likhale ndi mutu wa nyimbo, dzina la gulu lanu ndi tsiku. Dulani kolasi yokha ya masekondi 30 muike pa status. Chithunzi chikhale chanu, jezi yopachikidwa pachingwe kapena wailesi ili pa mkeka. Zidutswa za mpira wa pa kanema zili ndi eni ake. Pitirani kwa anyamata oika nyimbo m'mamemori kadi pamsika, muwapatse ulere. Ndipo kaonaneni ndi woulutsa zamasewero pa wailesi ya m'dera lanu. Ambiri amasowa kanthu kotsegulira pulogalamu.

Zonsezi zichitike pofika Lachitatu madzulo, ola lomwelo sabata iliyonse, kuti anthu azolowere kudikira. Mudzamva zolakwika zomwe mukanakonza. Zisiyeni. Lachinayi anthu amakhala atayamba kale kukangana za mpira wa Loweruka.

Sabata zouma

Zidzakhalapo sabata zomwe mipira yonse yatha 0-0, kapena ligi zapuma. Mu Juni ndi Julayi ku Ulaya kumakhala zii, ngakhale Moçambola kawirikawiri imakhala ikuseweredwa. Pa nthawi zotere khalani ndi nyimbo ziwiri zojambuliratu, zosadalira zotsatira: ya goloboyi wa m'mudzi amene amasiya golo kukathamangitsa ng'ombe zalowa m'munda, ya mwini mpira amene akagonja amanyamula mpira wake n'kumapita, ya mpira wachikulunga wa mapepala apulasitiki womwe tonse tinayambira, ya agogo aakazi osadziwa dzina la wosewera ndi mmodzi yemwe koma olosera zotsatira molondola. Zotsala za m'kope lija zimagwira ntchito apa.

Sabata imene kwagwa zovuta, wosewera wamwalira, ngozi yachitika pa ulendo wa timu, kapena maliro a mmodzi wa ife oonera limodzi, musatulutse nyimbo yoseketsa. Tumizani uthenga waufupi wonena chifukwa chake, mudzapitirize sabata yotsatira.

Lachisanu pukutani nsambo ndi nsalu youma, chifukwa chinyezi cha kuno ku Angónia chimazichititsa dzimbiri msanga, ndipo nsambo yopyapyala ya E yapadera ikhale m'thumba la gitala nthawi zonse. Samutsirani nyimbo ya sabatayo ku memori kadi kuti foni ipepuke, tchajani power bank, funsani anzanu oyankha kolasi ngati Lachiwiri adzapezeke. Kenako tsegulani tsamba latsopano m'kope, lembani tsiku la mawa pamwamba ndi matimu amene akukumana.